Nkhuku Isapite ku Nathenje

Kumapiri a ku Austria

Okondedwa Amayi,

Kuno ndi masana a Lamulungu, koma dzuwa silinaoneke chiyambire dzana. Chipale chofewa chikugwabe mwakachetechete, ngati wina akusefa ufa kumwamba, ndipo zenera la chipinda changa lakwiririka theka. Ndakhala pafupi ndi chitofu kuti zala zithe kugwira cholembera.

Muli bwanji ku Mitundu? Bondo lija lasiya kutupa? Nanga atate ali bwanji ndi chifuwa chawo, popeza ino ndi nthawi yothyola fodya m'mame? Ine ndili bwino, Mulungu akundisunga. Adona amene ndimawagwirira ntchito ndi mwana wawo Anika alinso bwino.

Kalata yanu ndinailandira Lachinayi. Zipora mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ndiwe unailemba, ndiponso ndiwe ukuwerengera Amayi inoyi. Chonde usadumphe mawu alionse, ngakhale amene ukuona kuti ndi owawa.

Ndamva kuti chithunzi ndinatumiza chija chayenda m'manja ambiri mpaka chinakafika ku Nathenje kwa amayi awo a Yakobe. Ndamva zimene ananena: ati ndavala thalauza, ndatang'adza pathabwa lotsetserekera pachipale ngati mwamuna wokweza matumba pa lole, ndipo ndikuseka mano onse panja. Ati mtengwa wotere adzawapatsa moni ali chiimire. Ndamvanso kuti kuchigayo akunditcha a Tiko a buluku. Mwalemba kuti kuchimunako agamula kuti atsibweni a Jones, monga ankhoswe anga, apite ndi nkhuku kukapepesa Isitala isanafike, chithunzicho ching'ambidwe iwo akuona, ndipo ndilonjeze kuti sindikweranso thabwalo. Apo ayi ukwati palibe, ndipo tibweze chikole chawo.

Amayi, ndisanayankhe, mundilole ndikuuzeni za kuno, chifukwa amene akundiweruza sanapondepo malo ano.

Mudzi uno umadya chipale monga momwe ife timadyera mvula. Nyumba ya alendo imene ndimayala mabedi ndi ya makolo a adona, ndipo alendo amabwera kudzatsetsereka paphiri basi. Mwezi watha chipale chinavuta. Phiri linachita madazi, pena miyala pamtunda, pena pouma gwa ndi poterera ngati botolo. Alendo ankangokhala m'nyumba akudandaula, ena anapakira n'kubwerera kwawo. Bambo awo a adona ankatuluka m'mawa uliwonse kukayang'ana kumwamba manja ali kumbuyo, chimodzimodzi atate m'mwezi wa Disembala chimanga chikayamba kufota. Mpaka anayatsa makina opopera chipale chopanga, koma chimenecho n'cholimba, ukagwapo umamva m'mafupa.

Tsopano chagwa chenicheni, chofika m'chiuno. Chipale chili mitundumitundu. Chongogwa kumene chili ngati ufa woyera, ukachifumbata sichigwirana. Masana dzuwa likawomba chimasanduka phala, n'kudzauma usiku, m'mawa n'kukhala ndi nkhoko pamwamba. Chikachuluka chonchi chimatha kugumuka kuphiri n'kukwirira anthu, choncho m'mamawa amuna ena amakachiphulitsa dala anthu asanakwere. Tsiku loyamba kumva kuphulikako ndinalowa kunsi kwa tebulo, ndimvekere zija za asilikali ndi apayoniya ku Lilongwe zanditsatira kuno. Anika anandiseka mpaka misozi.

Anikayo ndiye anayambitsa zonsezi. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anakana timatabwa tiwiri timene akuluakulu amavala kumapazi potsetsereka, ati akufuna thabwa limodzi lalikulu limene achinyamata ayamba kukonda masiku ano. Mapazi onse awiri amamangidwa pathabwa lomwelo, munthu n'kumatsika cham'mbali. Adona amatanganidwa ndi alendo, ndiye anati ine ndizimuperekeza, ndipo poti wapansi sangatsate mwana amene akuuluka, anandibwerekera langa.

Anandipatsa thalauza lokhuthala, ine ndinalira nalo m'chipinda. Kuvala siketi kunja kuno ndi kudzipha, miyendo imafa dzanzi usanafike pamsewu. Komabe ndinati mwana wa Amayi sangayende choncho pamaso pa amuna. Ndinatsegula sutikesi, n'kutenga chitenje cha maluwa achikasu chija a Yakobe anandipatsa ngati chikole, n'kuchimanga pamwamba pa thalauzalo mfundo ziwiri. Adona anandichenjeza kuti nsalu yolendewera siyenda paphiri. Ine ndinangoyang'ana pansi osamasula. Ndinkaona ngati ndikukusungirani ulemu, inu ndi a ku Nathenje omwe.

Pokwera phiri pali chingwe chachitsulo choyenda ndi injini, ndipo pachingwepo palendewera ndodo. Munthu amakola ndodoyo pantchafu, iyo n'kumamukoka, akafika pamwamba amaitaya. Ine nditafika pamwamba ndinaitaya, koma iyo sinanditaye. Chitenje chinali chitakulunga ndodo. Ndinagwa chagada, chingwe n'kumandikhwekhwereza kulunjika ku chigudumu chachikulu chimene chimazungulitsa chingwecho. Mfundo zanga ziwiri zija zinandifinya pamimba moti ndinalephera ngakhale kukuwa. Ndinangomva Anika akulira dzina langa. Bambo woyang'anira pamenepo anazimitsa injini, ndipo nthawi yomweyo chitenje chinang'ambika pakati. Theka linatsala m'chiuno mwanga. Theka lina mphepo inalitenga n'kukaliponya kuphompho kumene amaletsa anthu kupitako.

M'nthiti munachita mikwingwirima yakuda, ndipo ndinkagonera mbali imodzi mpaka Khirisimasi. Sindinakuuzeni kuopa kukudetsani nkhawa. Bambo uja sanandikalipire. Anangoloza chigudumu, n'kuloza khosi langa, n'kupukusa mutu. Ngakhale sitimvana chilankhulo, pamenepo tinamvana.

Ndiye chifukwa chake pachithunzicho palibe chitenje. Akanakonda a ku Nathenje kuti ndibwere m'bokosi, koma nditafunda bwino?

Tsono ndikanatha kulekera pomwepa, n'kunena kuti ndi ntchito chabe, andikhululukire, ndinakakamizidwa. Mwina nkhani ikanatha mosavuta. Koma kungakhale kunama, ndipo inu simunandilere wabodza. Zoona zake n'zakuti thabwalo ndimalikonda.

Masiku oyamba ndinkangogwa, matako onse kuwawa, tiana tating'ono tikundidutsa ngati mbalame. Kenaka tsiku lina thupi linangomva lokha. Ndinapinda mawondo monga timachitira potsika kudambo ndi ndowa pamutu nthawi ya matope, osayang'ana kumapazi, ndipo thabwa linayamba kundimvera. Ukatsamira kuzala limakhotera uku, ukatsamira kuzidendene limakhotera uko. Mukukumbuka chulu cha kuseri kwa khola, chimene tinkathirapo madzi n'kumatsetserekapo pa makungwa a nthochi, inu n'kutithamangitsa ndi chikuni? Ndi zomwezo, koma chulu chake n'chofika kumitambo, ndipo palibe wondithamangitsa. Dzulo m'mawa ndinatsika pachipale chatsopano chimene munthu anali asanapondepo. Panalibe phokoso lililonse, ufa ukungofuka m'mbali mwanga. Ndinazindikira ndili m'munsi kuti ndatsika ndikuimba nyimbo ya kwaya mokweza. Ine, Amayi, amene ku Sande sukulu ndinkangogwedeza milomo.

Musaganize kuti kuno kulibe onena. Akuluakulu ambiri a timatabwa tiwiri amadana nafe a thabwa limodzi, ati timapala chipale ndipo timakhala pansi pakati pa njira ngati mbuzi. Gogo wina wa ndevu anandilalatira ndi ndodo yake m'mwamba. Ndinamupatsa ulemu, ndinapatuka, koma mawa lake ndinapitanso.

Mukundidziwa. Ndine uja ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe alendo akabwera. Pamene atsibweni anandifunsa za a Yakobe, ndinangokanda pansi ndi chala, iwo n'kunena kuti wavomera. Ndinavomeradi, chifukwa ndinkawafuna, ndipo mpaka lero mtima wanga sunawataye. Chimene ndinawakondera n'chakuti sankaopa. Nthawi ya referendamu, Nathenje yonse ili ku tambala, iwo ankayenda pamsika akunena poyera kuti avotera nyali, mpaka anthu anawagwetsera mulu wa matimati amene ankagulitsa. Ankandiuza kuti zinthu zisintha, munthu azidzalankhula za kukhosi. Lamulo loletsa akazi thalauza linachotsedwa nthawi yomweyo. Kodi kusinthako kunali kwa amuna okha?

Mwandilembera kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, kuti ndisataye mwamuna wabwino chifukwa cha masewera. Ndamva, ndipo ndikudziwa kuti mwanena pondikonda. Koma m'kalata yonseyi ndamva mawu a amayi awo, a azakhali awo, a anthu a kuchigayo. Mawu a Yakobe eni ake sindinawamve. Keyala yanga ali nayo, kulemba amadziwa kuposa ine, positi ofesi ili pafupi ndi benchi yawo ya matimati. Ngati ndawachititsa manyazi, anene okha. Ngati angokhala chete kuseri kwa amayi awo lero, pa nkhani ya chithunzi, adzandiimira pati mawa pa nkhani yaikulu?

Pempho langa ndi limodzi. Nkhuku isapite ku Nathenje. Muwauze atsibweni mwaulemu kuti asagwade pakhomo la munthu m'dzina langa, chifukwa kupepesa kumene mwini wake sakuvomereza ndi kunamiza anthu. Sindinabe, sindinagone m'nyumba ya mwamuna, sindinasiye kupemphera. Ndavala chovala cha malo ano kuti ndisafe, ndipo ndaseka. Chithunzicho asaching'ambe. Mukaona kuti chikukuvutani m'nyumba, Zipora achiike m'Baibulo mwake mpaka ndidzabwere.

Ndikudziwa kuti mtolo wa zimenezi ugwera inu, kuchigwirizano ndi kuchitsime, ine ndili kutali. Chimenecho chokha ndiye chikundiwawa. Wina akakufunsani, mungoti mwanayo ndi wamkulu, adzayankha yekha. Ndidzayankhadi. Adona ati ndibwera m'mwezi wa Juni, ndipo ndikatsika basi pa Mitundu ndidzakhala nditavala chitenje, chifukwa kwathu kulibe chingwe chokoka anthu, ndipo chitenje ndimachikonda. Palibe amene adzachite kundiuza.

A ku Nathenje akalimbikira za chikole, muwauze kuti sindikana. Theka ndalichapa, ndalisita, lili m'sutikesi, ndidzawapatsira ndi manja awiri. Theka linalo lili kuphompho, pansi pa chipale chotalika kuposa chigafa cha atate. Bambo wa injini uja anauza adona kuti kumeneko kumasungunuka m'mwezi wa Meyi. A Yakobe akalifuna abwere adzalitenge, ndidzawaphunzitsa katsikidwe kake.

Mupereke moni kwa atate, kwa atsibweni a Jones ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Likuni, ndi kwa alamu anga ndi ana onse. Zipora, limbikira sukulu, ndipo zikomo powerenga zonse osadumpha. Nkhuku ija mukaphe pa Isitala, Amayi adye chiwindi.

Tsalani bwino, Ambuye akusungeni.

Ine mwana wanu,
Tikondane

Ndamaliza kulemba Lamulungu pa 16 Febuluwale 1997, nthawi ya 3 koloko masana. Chipale chayamba kukata, mawa tikwera.