Baji ya a Khoromana

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YA GULU LA TIKWERE
Gulu la operekeza alendo ndi onyamula katundu m'phiri la Mulanje

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Ku ofesi ya gulu, pafupi ndi Chitakale

Opezeka: Bambo Bizwick Namaona, wapampando, Bambo Hussein Mdoka, wachiwiri, Mayi Ireen Nakhumwa, msungichuma, Mayi Lily Muhiwa, mlembi, ndi mamembala ena asanu a komiti.

Oitanidwa: Bambo Lenard Khoromana, woperekeza alendo, baji nambala 004, Mayi Esther Nampinga, mkazi wa Bambo Moses Nampinga, wonyamula katundu.

Osapezeka: Bambo Moses Nampinga, ali m'chipatala. Godwin, mlamu wa a Khoromana, yemwe si membala wa gulu, analemberedwa kalata kawiri koma sanabwere.

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba 9:40 m'mawa ndi pemphero la Mayi Nakhumwa. Wapampando anati nkhani ndi imodzi yokha: a Khoromana, omwe atumikira gulu zaka 22, apitirize kukhala ndi baji kapena alandidwe.

2. Dandaulo la alendo

A Mdoka anawerenga ndi kumasulira kalata ya alendo awiri a ku Ulaya, mwamuna ndi mkazi wake. Alendowa anaimbiratu foni ku ofesi, ndipo pa mndandanda panali pa a Khoromana ndi a Nampinga. Pa 29 Meyi, atatsika minibasi pa Chitakale, anawalandira munthu wovala baji 004 amene anati dzina lake ndi Lenard. Anawauza kuti ofesi yatsekedwa kaamba ka maliro, choncho zolowera m'phiri ndi zogonera ampatse iyeyo. Risiti sanawapatse. Mlembi akutsimikiza kuti tsikulo ofesi inali yotsegula, anali momwemo mpaka madzulo, ndipo kunalibe maliro a aliyense.

M'mawa mwake ananyamuka ulendo wokwera ku Chambe, a Nampinga atasenza katundu. Cha m'ma 2 koloko masana chiperoni chinatseka phiri, munthuyo n'kutaya njira. Anawazunguza mpaka pamwamba pa phompho, kenaka anati akukafuna netiweki. Sanabwerenso. Mayi wachizunguyo atabinya phazi, a Nampinga anasiya katundu n'kumubereka, kutsika naye motsata mtsinje. Ali m'njira, mwala unagubuduka n'kuphwanya mwendo wa a Nampinga. Amene anawapeza tsiku lotsatira ndi amayi otola nkhuni. Mwendowo anaudula pamwamba pa bondo.

Wapampando anati alendowo alemba pa intaneti kuti anthu achenjere ndi Lenard wa Tikwere, ndi wakuba. Magulu atatu a alendo abweza kale ulendo, ndipo eni malo ogona anena kuti satitumiziranso mlendo mpaka aone kuti wakubayo tamuchotsa.

3. Kuyankha kwa a Khoromana

A Khoromana anaimirira atagwira tebulo. Anauzidwa kuti akhale, anakana. Anavomera kuti bajiyo anaipereka okha kwa Godwin. Anati bondo linali litatupa sabata yonse, ndipo lamulo lathu aliyense akulidziwa: ukaphonya pako umabwerera kumchira. Operekeza tilipo 46, ndiye pako pamabwera kamodzi pa miyezi iwiri. Anati Godwin kale ankatsitsa matabwa ku Chambe, choncho anaganiza kuti njira yaikulu sangaiphonye. Anamuuza kuti adzere ku ofesi kukalembetsa alendowo, asapatuke, ndipo akaona mtambo kumbali ya ku Mozambiki abwerere.

A Mdoka anafunsa ngati ankadziwa kuti Godwin ndi mmodzi mwa omwe amatchingira alendo pa siteji. Anayankha kuti ankamva, koma ndi mchimwene wa mkazi wawo, amadya mbale imodzi.

Mayi Nakhumwa anafunsa kuti zinatheka bwanji, poti pa baji pali chithunzi cha munthu wa imvi pomwe Godwin ndi wa zaka makumi atatu. A Khoromana anati zaka zonsezi sanaonepo mlendo akufananitsa baji ndi nkhope. Wina anaseka. Mlembi sanaone chosekesa.

Anamaliza ndi mawu akuti: "Ndalakwa. Mwendo wa Moses ndadula ndine. Koma kuba sindinabepo, ngakhale botolo la madzi la mlendo."

4. Mawu a Mayi Nampinga

Wapampando anati mayiwa anene zimene akufuna kuti gulu liwachitire a Khoromana. Iwo anati sanabwerere zimenezo. Anati amuna awo awatuma kuti anene kuti iwonso anaona Godwin atavala baji ya eni ake, koma anakhala chete n'kusenza katundu, chifukwa umu ndi mmene zimakhalira ku Tikwere. Wodwala, woferedwa, ngakhale wamatsire amapereka baji kwa m'bale kuti amugwirire malo, ndipo ukaulula mnzako, nawenso tsiku lako lidzafika.

Wapampando anati zimenezo ndi za kunja kwa ajenda. Mayiwa sanakhale pansi. Anati: "Ine ndimathyola tiyi, za malamulo anu sindidziwa. Ingondithandizani, amene sanabwerekepo baji yake akweze mkono ndimuone."

Pa anthu asanu ndi anayi a komiti inakwera mikono iwiri, wa a Mdoka ndi wa Mayi Nakhumwa. Wa wapampando sunakwere. Wa mlembi sunakwerenso, ndipo ndikunena ndi manyazi: ndinabwereka msuweni wanga chaka chatha ndili ndi pakati. Wapampando analamula kuti zimenezi zisalembedwe. Zalembedwa.

Mayi Nampinga anati a Khoromana abwera kuchipatala tsiku lililonse, akutsimphina choncho, pomwe a komiti anafika kamodzi ndi paketi ya shuga. Anati ngati gulu likufuna munthu, likagwire Godwin.

5. Kukambirana ndi chigamulo

Wapampando anati apolisi anauzidwa ndipo akufufuza, koma gulu silingadikire. Nyengo ya alendo ndi inoyi, ikadutsa mabanja oposa zana agona ndi njala. Anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo dzina limene lili pa intaneti ndi la Lenard, osati la Godwin.

Mlembi anapempha kulankhula monga membala. Anati a Khoromana ndi amene anaphunzitsa phirili theka la okhala m'chipindamo, iye yemwe kuphatikizapo, nthawi imene ena ankati mkazi sangaperekeze alendo. Anapempha kuti ayimitsidwe miyezi itatu, ndipo lamulo lisinthe kuti wodwala asamataye malo ake, poti muzu wa nkhani ndi umenewo. Wapampando anati kusintha lamulo ndi za msonkhano waukulu wa Disembala. Anaonjeza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Mlembi anayankha kuti mitu ina m'chipindamo ndi yaikulunso koma ikulewa bwinobwino. Anauzidwa kuti abweze mawuwo. Sanabweze.

Mavoti: ofuna kuti alandidwe baji kotheratu, asanu, okana, atatu. Wapampando savota. Mwa asanuwo, anayi ndi omwe mikono yawo sinakwere.

Komiti inagwirizananso izi:
a. Mlendo aliyense azilipira ku ofesi kokha, ndipo azilandira risiti.
b. Ofesi izitumizira mlendo chithunzi cha womuperekeza pa foni asanafike.
c. Pa siteji ya Chitakale pamatidwe chikalata cha m'Chingerezi ndi m'Chichewa, chokhala ndi dzina ndi chithunzi cha a Khoromana, chochenjeza alendo kuti munthuyu si wa Tikwere, asamupatse ndalama.

Mayi Nakhumwa anafunsa ngati Godwin akhalaponso pa chikalatacho. A Mdoka anati ayi: si membala, chithunzi chake tilibe, bwalo silinamuweruze, ndipo anzake a pa siteji akhoza kutiphwanyira mawindo. Mlembi anadziwitsa komiti kuti Godwin yemweyo wamuona lero pobwera, akutsitsira mzungu chikwama mu minibasi yochokera ku Limbe.

A Khoromana anavula baji n'kuiyika patebulo. Wapampando anaitsekera m'dirowa.

6. Zina ndi zina

A Khoromana anapempha kuti chikalatacho chisamatidwe pa mtengo wa magetsi woyandikana ndi filingi yomwetsera mafuta, poti mkazi wawo amagulitsa nanazi pansi pake. Wapampando anati pomwepo ndi pamene alendo amatsikira, ndiye pena paliponse chingakhale chokongoletsa chabe. Pempho linakanidwa.

Za wokamata, wapampando anati makalata onse a gulu ndi ntchito ya mlembi. Mlembi anakana. Anamuwerengera ndime ya malamulo, ndipo anauzidwa kuti akakana, baji yake ilowa m'dirowa momwemo. Ndili ndi ana atatu. Ndinavomera, ndipo zikundiwawa.

A Khoromana ali pakhomo anatembenuka n'kulankhula kwa mlembi, osati kwa wapampando. Anati: "Palibe kanthu, mwananga, kamateni. Koma mulawirire, mayi anu, akazi angawa, asanafike ndi dengu. Chikalatacho achiona ndithu, koma asaone kuti womata ndinu."

Anatuluka pamodzi ndi Mayi Nampinga, ulendo wa kuchipatala.

7. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Komiti idzakumananso Loweruka, 12 Julayi 2025, malo omwewo. Wapampando anapempha wotseka ndi pemphero, koma panalibe wodzipereka. Msonkhano unatha 12:15 masana. Chikalata chimatidwa Lolemba, 5 koloko m'mawa.

Bizwick Namaona, Wapampando: ........................

Lily Muhiwa, Mlembi: ........................