Ndanyoza Ng'anjo ya Apongozi pa Kanema

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi nditakhala m'galimoto, pepala lili pabondo, foni ndaitsekera m'bokosi la zipangizo chifukwa ikangolira ndiiwala zimene ndimati ndinene. Zilembo zikamavina mundikhululukire, mwini wakene ndikuvinanso. Chibadwire sindinasangalalepo chonchi, komanso sindinachitepo mantha chonchi, ndipo zonsezi zabwera ndi kanthu kosakwana ndi mphindi imodzi yomwe.

Ndine mmisiri wa ng'anjo zotenthetsera m'nyumba, za matailosi zija zimaima pakona ya chipinda. Ndili ndi zaka 39 ndipo sindinakwatirepo. Zaka zapitazi ntchito inalowa pansi, poti aliyense amene ali ndi mwana womutumizira ndalama kuchokera ku Italy akuikitsa mapaipi a gasi m'malo mwa ng'anjo. Ndinayesa kumata mapepala m'mapolo a magetsi, mvula inachotsa. Ndinalemba nambala yanga pagalimoto, anthu ankangoimba kufunsa mtengo wa galimotoyo.

Mwezi wathawu ndinakumana ndi a Octav, eni ake kawailesi kakanema ka m'tauni mwathu muno, kobwera pa waya kaja, koonetsa misonkhano ya khonsolo ndi magule a pa ukwati. Munthuyu ndi mmodzi, koma bwana ndi iyeyo, wojambula ndi iyeyo, mawu amene mumamvanso ndi ake. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mmisiri, anthu ako a ng'anjo sali pa intaneti. Sikisi koloko ikakwana amakhala ali pampando, magalasi ali pamphuno, kuonera mauthenga achisoni kuti adziwe amene watsogola. Iweyo ndikuika pambuyo penipeni pa malirowo. Munthu akaona kuti dzina lake palibe, amakumbuka kuti chisanu chikubwera ndipo chimupeza wamoyo." Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinavomera pomwepo.

Anati malonda otere amafuna zithunzi ziwiri: ng'anjo yoipa ikufuka utsi, kenako ng'anjo yanga yokongola. Yokongola ndinali nayo, ndinali nditangomaliza kumene kwa dokotala wa mano. Yoipa ndiyo inasowa, nanga ndani angalole kuti tauni yonse ione chipinda chake utsi uli tolo?

Apa ndiye pakubwera Zamfira. Aphungu, Zamfira! Amagulitsa mankhwala pafupi ndi msika, takhala pachibwenzi chaka ndi theka, ndipo akaseka ine ndimaiwala ndi dzina la msewu wakwathu lomwe. Mayi ake anamwalira, amakhala ndi bambo ake, a Costache, amene anapuma ntchito ya njanji ndipo amaimba kutchalitchi. Nthawi imeneyo mdalayo anali atapita ku Torino, ku Italy, kukaona mdzukulu. Ndinamukumbutsa Zamfira kuti ng'anjo ya kwawo yayamba kutsokomola utsi. Poyamba anakanitsitsa. Ndinamunyengerera masiku atatu, ndi chokoleti chomwe, mpaka anati, "Chabwino, koma mujambule ng'anjo yokha, ndipo musakhudze kanthu. Kapeti ikada ndikupha, wamva?"

Tsiku lojambula ng'anjo ija inatichita chipongwe. Inayaka bwinobwino, kautsi kake kosaoneka n'komwe pa kamera. A Octav anatuluka panja n'kubwera ndi masamba onyowa, anawaponya pamoto, kenako anandituma kukatseka chumuni ndi thumba. Amayo utsi! Zamfira ali pakhomo akutsokomola uku akufa nako kuseka, ine nditaima pambali pa ng'anjo, nyundo ili m'manja, ndikupukusa mutu ngati dokotala amene waitanidwa mochedwa. Tinabwereza kasanu chifukwa ndinkangophulika nako kuseka.

Mawu anakawaika okha a Octav ku ofesi kwawo, koma ndisaname, anandiwerengera pafoni ndipo ndinati ndi okoma. Amati: "Kodi ng'anjo yanu inamangidwa ndi mmisiri wa ku bawa? Pukutani misozi! Utsi panja, kutentha m'nyumba!" Kenako nkhope yanga, kenako nambala.

Aphungu, foni inayamba kulira malondawo asanathe n'komwe. Akuimba a m'tauni, akuimba a kumidzi yoti sindinaimvepo dzina. Ntchito ndadzaza mpaka Khirisimasi. Ana a sukulu akandiona amakuwa kuti "Utsi panja!" ndipo ine, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndimayankha kuti "Kutentha m'nyumba!" Mayi wina wogulitsa tchizi pamsika anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Ndinu aja a pa kanema? Koma pa kanema mumaoneka amtali." Anandionjezerabe tchizi. Amayi anga amaitana anzawo madzulo aliwonse, amalira kaye pa mauthenga achisoni, n'kupukuta m'maso, n'kuwomba m'manja ndikatulukira. Ngakhale abambo mfumu, pondipatsa dzanja Lamlungu, anandinong'oneza kuti, "Utsi panja, mwana wanga." Ndagula chipewa chatsopano. Ndimayenda ngati pansi pano ndi panga.

Lachiwiri lapitali ndinapita kukameta kwa a Tudose, mnzawo wa a Costache wa kalekale. Anandimanga nsalu m'khosi mothinitsa pang'ono, m'nyumbamo muli madala anayi akungomwetulira. Ndiye anati, "Mkamwini, kulimba mtima ndiye uli nako. Njerwa za ng'anjo ija tinanyamula ndife mu 1983. Costache ankamanga yekha akaweruka ku njanji, miyezi iwiri yathunthu, kuti mkazi wake adzalowe m'nyumba yotentha. Kathailosi kali pakati kaja, ka chithunzi cha sitima, anasankha ndi malemuwo. Ndiye lero wasanduka mmisiri wa ku bawa, munthu woti ngakhale pa Pasaka amamwa kapu imodzi? Timudikira pompano, ndevu timumeta ulere."

Ndinalipira n'kutuluka. Zoti anamanga okha ndinazimvapo, koma mutu wanga unali ku kanema, sindinalumikize n'komwe. Madzulo ake ndinaonetsetsa: kasitima kakuoneka bwinobwino, ndipo utsi ukamapungula, chakumanzere kukuoneka theka la chithunzi cha ukwati wawo. Aliyense amene anadyapo m'nyumba imeneyo waizindikira, ndipo pa phwando la chaka ndi chaka la woyera wa dzina la a Costache kumadya theka la tauni.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti ng'anjoyo ndi yabwino. Ndinasuzumira mkati tsiku lija. Njira za utsi ndi zowongoka, dothi linaumbidwa moleza mtima, palibe thailosi imene yasuntha. Zanga ndimauza anthu kuti pakatha zaka khumi ndi zisanu adzandiitane tidzaphwasule n'kumanganso, koma iyi yadutsa zaka makumi anayi osakhudzidwa. Vuto lake ndi mwaye basi, ntchito ya tsiku limodzi.

Zamfira anaseka tsiku loyamba mpaka pamene anamva mawu aja ndi kuona chithunzi cha mayi ake. Panopa amaseka pang'ono n'kulira pang'ono. Anandiuza kuti, "Bambo sakalipa, ndiye vuto lake limenelo. Akanakhala okalipa bwenzi zitatha tsiku limodzi. Adzakupatsa mpando, adzakuthirira khofi, basi mawu awo sudzawamvanso. Ndipo ine sindingakwatiwe ndi munthu amene bambo anga samuyankhula."

Mdalayo akufika Lachisanu la sabata ya mawa, pa basi ya masana. Lamlungu lake tinapangana kale kuti ine ndi amalume anga tipite ndi maluwa ndi botolo la kachasu wa maplamu kukapempha Zamfira. Mphete ndagula, suti ndachapitsa.

A Octav akuti, "Usapenge iwe! Malonda otentha chonchi sachotsedwa mu Okutobala. Ndituma munthu akadule waya wa kwa mdalayo, tidzanamizira mphepo mpaka ukwati udutse." Ine ndili ndi nzeru ina, ndipo Zamfira sindinamuuze. Ndili ndi sabata yathunthu. Nditha kuphwasula ng'anjo ija n'kumanga yatsopano, ya matailosi oyera a mtengo wapatali, ikhale mphatso ya mkamwini. Akadzafika adzapeza yonyezimira, yopanda utsi, ndipo wonena kuti ya pa kanema ndi yawo tidzamuuza kuti abwere adzaone yekha. Ndikaiganiza m'mawa ndimaona kuti ndi nzeru zakuya, ndikaiganiza masana ndimaona kuti ndi misala. Ndithandizeni, Aphungu. Malondawo ndikuwafuna, koma Zamfira ndikumufuna kuposa.

S.T., Dorohoi

Okondedwa S.T.,

Ndadumphitsa makalata ena kuti ndikuyankheni basi ija isanafike. Ndaseka, ndisabise, makamaka pa thumba la m'chumuni. Ndikukondwera nanu kuti foni ikulira ndiponso kuti pa zaka 39 mtima wanu wapeza poima. Tsopano vulani chipewa chatsopanocho, khalani pansi, mumve.

Ng'anjo imeneyo musaikhudze. Ndikubwereza: musachotsepo ndi thailosi imodzi yomwe. Mwalemba nokha kuti munthuyo anaimangira mkazi wake, ndipo mkaziyo kulibe. Chipongwe cha pa kanema chikhoza kupepeseka, koma akadzatsegula chitseko n'kupeza kasitima kaja kali pa mulu wa zinyalala panja, palibe mawu amene mungadzanene. Matailosi anu oyerawo kamangireni dokotala wina wa mano.

Za kudula waya ndiye zamanyazi. A Tudose safuna waya kuti aulutse nkhani, ali ndi lumo ndi mpando. Komanso mukufuna nkhalamba isamve kuti mnzake wamwalira, iphonye maliro, chifukwa cha inu? A Octav ndi katswiri pa kugulitsa, ndawavulira chipewa, koma si iwo amene akufuna kukwatira.

Lero lomwe pitani ku ofesi kwawo, osati pafoni. Achotse utsi, achotse chipinda cha eni ake, achotse mmisiri wa ku bawa. Ng'anjo yanu yokongola, nkhope yanu, nambala ndi kanyimbo ka ana a sukulu zitsale, zimenezo ndi zanu ndipo n'zimene anthu akuzikonda. Akavuta, imitsani malonda onse. Ntchito mwadzaza mpaka Khirisimasi ndipo manja muli nawo awiri okha, ndiye mukuopa chiyani?

Lachisanu mukakhale pa depoti basi isanaime. Mukanyamule zikwama, mukawakweze a Costache m'galimoto yanu, ndipo musadutse msewu wa kwa a Tudose. Mukafika kunyumba muwaonetse nokha malonda akalewo, onse, osadumphitsa. Munene za masamba onyowa ndi thumba. Munene kuti mawu aja anakuwerengerani ndipo munawavomera. Kenako muwauze zimene mwandiuza ine za njira za utsi ndi dothi, m'chinenero cha amisiri, mwatsatanetsatane. Munthu amene anamanga chinthu ndi manja ake amasiyanitsa kuyamikira kwa wodziwa ntchito ndi kwa wofuna kumunyengerera. Akakhala chete, musadzaze chetecho ndi nthabwala. Imwani khofiyo, tsanzikani, mubwerenso mawa lake.

Amalume ndi botolo lawo adikire kaye. Kupepesa Lachisanu n'kupempha mwana Lamlungu kudzaoneka ngati munapepesa kuti mulandire. Muwauze a Costache kuti ulendo uja mwauimika mpaka iwo adzatchule tsiku. Suti siwola.

Munawanyoza pagulu, ndiye kukonza kwakenso kukhale pagulu. Muwapemphe kuti muchotse mwaye uja iwo ali pomwepo, akukulozerani mmene anayendetsera njira zake. Akalola, a Octav abwere adzajambule ng'anjoyo ikuyaka bwino, ndipo pa nthawi yomweyo ya sikisi koloko tauni imve kuchokera pakamwa panu kuti inamangidwa liti, ndi ndani, ndiponso kuti utsi uja munachita kuupanga. Akakana kamera, musaumirire. Mupite kwa a Tudose tsiku lodzaza anthu, mukanene mawu omwewo mutaimirira.

Chenjezo langa ndi ili. Nthawi ina, mwina akuika kapu pansi, mdalayo adzafunsa kuti, "Nanga anakutsegulirani chitseko ndani?" Yankho akulidziwa kale, makiyi a nyumba yake sali ndi anthu khumi. Chimene adzakhale akufuna kuona ndi zimene mumachita ndi mwana wake zinthu zikathina. Musaname, koma musayang'ane n'komwe kumene Zamfira wakhala. Munene kuti, "Anakana masiku atatu, bambo. Ndinaumirira ndine." Mukatembenuza mutu n'kumuloza, ngakhale ndi diso lokha, mphete ija kabwezeni kusitolo, chifukwa amene adzakukaneni tsiku limenelo si bambo ake.

Aphungu