Wachibwibwi Akufunsira Malo

Lamulungu, 3 Malichi

Mapepala onse ofunsira malo ku yunivesite ndasonkhanitsa. Masatifiketi, zithunzi, makalata a aphunzitsi anga akale. Chatsala ndi tsamba limodzi lija: "Fotokozani chifukwa chimene mukufunira digiri yachiwiri pa ntchito yothandiza anthu ovutika kuyankhula." Ndalemba dzina langa pamwamba, Suhaib, basi. Polemba silivuta. Pakamwa ndiye limandikanirira mpaka lero.

Dima wasuzumira paphewa panga. "Achimwene, lembani zoona. Nenani kuti mukufuna kubwezera onse amene ankakusekani." Ndamugenda ndi pilo. Mlongo wangayu masiku ano sakugwirika, poti akwawo kwa Laith akubwera kudzamufunsira ukwati kumapeto kwa mwezi uno.

Ababa anangosuntha mapepala anga pang'ono kuti aike tiyi wawo, n'kutsegula wailesi.

Lachiwiri, 5 Malichi

Kuntchito, kumene timathandiza ana kuyankhula, mayi wina wabwera koyamba ndi mwana wake wochedwa kuyankhula. Ndimati ndimulonjere, "m" wandigwira. Kenako ndamumva akufunsa bwana pakhomo, "Uyuyu ndiye athandize mwana wanga? Nanga iyeyo anamuthandiza ndani?" Mwanayo amupereka kwa mnzanga. Sizachilendo, komabe zimaluma.

Masana ndatsikira m'tauni ya Amman kukadinditsa masatifiketi. Pobwerera miyendo yanditengera yokha mumsewu uja. Shopu ya mankhwala idakalipo. Koma pamwamba pake, kachipinda ka Mayi Georgette, amene ankandiphunzitsa kuyankhula ndili mwana, pano akugulitsapo mafoni.

Ndaima pansi pa masitepe ngati chitsiru. Lachinayi lililonse Amayi ankadzanditenga kusukulu, n'kukwera minibasi kuchokera ku Salt kuno. Ankandigwira dzanja ngakhale ndinali nditakula kale. Kachipindako munali galasi lalikulu, kandulo, ndi nthenga ya nkhunda yoti ndiziiuzira osaigwetsa patebulo. Mayi G. ankasutira ndudu pazenera, utsi kunja, khutu kwa ine. "Mawu si bulu, mwanawe. Ukamawakankha ndi pamene amaima."

Tikatuluka, mkate wa chitowe wokhala ndi dzira. Koma lamulo la Amayi linali lakuti ndiitanitse ndekha. Iwo ankaima patali, akunamizira kuyang'ana nsapato za m'shopu. Ndikapambana, sankandiyamikira. Ankangoluma mkate wanga kumapeto n'kunena kuti, "Wa lero ngwokoma."

Wogulitsa mikateyo kulibe. Amayinso kulibe. Ndagula mkate kwa wina, sunakome.

Lachitatu, 6 Malichi

Tsamba lidakali loyera.

Lachisanu, 8 Malichi

Nkhomaliro kwa bambo aakulu, a Fawaz, titachoka ku mzikiti. Nkhani yonse ndi ya Dima: mipando tikabwereka kuti, makeke otsekemera a kunafa tikagula kwa yani. Alendo akadzaika makapu a khofi pansi osamwa, kudikira yankho la banja, wodzawayankha ndi a Fawaz. Palibe anafunsa n'komwe. Pa maliro a Amayi anayankhula ndi iwo. Pa chilichonse cha kwathu amayankhula ndi iwo, ndipo amakukonda kuyankhulako kuposa chakudya.

Kenako anditembenukira. "Ndamva kuti mwana wathuyu akufuna digiri ina. Wachibwibwi kuphunzitsa anthu kuyankhula! Ndiye kuti wadazi naye azigulitsa mankhwala omeretsa tsitsi."

Aliyense kuseka. Dima osachedwa: "Bambo aakulu, inu ndi dazi lanulo ndi amene mumadziwa kuwawa kwa dzuwa. Ine ndikhoza kugula kwa inu." Kuseka kwawirikiza, a Fawaz akusisita mutu wawo.

Ndimati nanenso ndiyankhe, mawu andigwira pakati. Ababa adzuka, atuluka pakhonde.

Monga kale. Kuyambira ndili mwana, ndikangoyamba kulimbana ndi liwu, iwo ankapeza chochita panja. Kwa Mayi G. sanandiperekezeko. Ndinakula ndikudziwa kuti ndimawachititsa manyazi, ndipo ndinasiya kuwafotokozera nkhani zazitali.

Loweruka, 9 Malichi

Ndaimbira foni kushopu ya mankhwala ija. Mkulu wa pamenepo akuti Mayi G. ali moyo, akukhala kwa mwana wawo ku Fuheis. Sindikudziwa chimene ndikukafuna. Mwina andiuze choti ndilembe.

Lolemba, 11 Malichi

Achepa thupi! Ndawapeza pampando padzuwa, bulangete pamiyendo, maso ayera. Mwana wawo anawanong'oneza kuti kwabwera wophunzira wawo wakale.

"Usandiuze," iwo anatero. "Anene yekha dzina lake."

"S-s-s-suhaib."

"Wa ku Salt! Wa mayi wa mpango wobiriwira uja. Ukuthamangabe ndi 's' ngati akukuthamangitsa agalu. Khala pansi."

Ndinawauza za Amayi. Anapempha ndudu, mwana wawo n'kukana. Ndinawauza za digiri, za mayi wa kuntchito uja, ndi kuti mwina a Fawaz akunena zoona.

"Ine sindinakuchiritse, ukudziwa? Ndinangokuphunzitsa kuti usamathawe. Ukalembe zimenezo." Atatero anafunsa, "Nanga bambo ako? Adakali kukonza mawotchi?"

Ndinadabwa kuti akuwadziwa bwanji, poti sanafikeko.

"Anafika. Kamodzi, yekha, iwe usanayambe. Anabwera kudzandipempha kuti ndikulandire. Anakhala pampando wako womwe uja, ndinamufunsa dzina la mwana. Munthu wamkulu, thukuta kamukamu, nsagwada zikunjenjemera, dzina lako osatuluka. Mapeto ake analilemba papepala. Ndinati, bambo, nanunso muzibwera madzulo, palibe adzadziwe. Anati kwa iye kunada kale, ndithandize mwanayo. Chibwibwi chake n'choposa chako kutalitali. Iwe sunadziwe?"

Sindinadziwe.

M'basi pobwerera ndinadutsitsa siteji yanga.

Lachiwiri, 12 Malichi

Nditaweruka ndapita kushopu kwa Ababa, ati kukawathandiza kusesa. Ndimafuna kuwamvetsera.

Kasitomala akafunsa mtengo, amaloza pakhoma. Akafunsa kuti wotchi itheka liti, "Mawa." Liwu limodzi, awiri akachuluka. Asanayambe amatsokomola pang'ono. Liwu likawavuta amalisiya n'kutenga lina msangamsanga, ngati munthu wodumpha chithaphwi. Foni ikalira amaiyang'ana mpaka isiye. Zonsezi ndinaziphunzira m'kalasi, ndimaziona mwa ana tsiku ndi tsiku. Koma mwa bambo anga ndinkangoti ndi munthu wosakonda zolongolola.

Ndakumbuka mmene Amayi ankawayankhulira paliponse, kuchipatala, kusukulu, ngakhale kwa wogulitsa nyama. "Bambo a Suhaib akuti..." Ife tinkaseka kuti Amayi salola mwamuna wawo kutsegula pakamwa.

Ndipo pakhonde paja. Sankathawa ine ayi.

Sindinawauze kanthu. Tatseka shopu, takwera masitepe a kunyumba mwakachetechete. Tsamba lija ndalilemba lonse tisanadye, ndatumiza.

Lamulungu, 17 Malichi

Yunivesite ya kumpoto yandiitana, Lachinayi ndikaonekere pamaso pa aphunzitsi. Dima wasita kale malaya anga oyera, wawotcha kolala pang'ono, akuti ndi madalitso.

Lachinayi, 21 Malichi

Ndimatuluka kuti ndikakwere basi, ndapeza Ababa atalizitsa kale galimoto yawo yakale ija. Shopu sanatsegule. "Kwera."

Njira yonse mapiri abiriwira, maluwa ofiira mbwee m'minda ya azitona. Amayi nyengo ngati ino ankatikakamiza kupita kukadyera kutchire, Ababa atanyamula mbaula, ine ndi Dima tikulimbirana mpira.

M'chipindamo munali aphunzitsi atatu. Dzina langa linandigwira, monga mwa masiku onse. Sindinatsitse maso. Anadikira. Mayi wina wa magalasi, amene amaoneka kuti ndiye wamkulu, anafunsa mosapita m'mbali: "Kholo likadzakukanani chifukwa cha mayankhulidwe anu, mudzatani?"

Ndinati zinachitika kale, mwezi uno womwe. Ndinati kholo lili ndi ufulu, ndipo sindingalilonjeze kuti mwana wake adzayankhula ngati wa pa wailesi. Chimene ndingalonjeze n'chakuti mwanayo sadzakalamba akuloza pakhoma. Anandifunsa tanthauzo lake. Ndinawafotokozera za munthu wina wokonza mawotchi, osatchula kuti ndi ndani. Ndinagwidwa kambirimbiri. Mayiyo analemba kenakake, sindikudziwa ngati n'chabwino.

Pobwerera Ababa anaima pamsewu kugula mtedza wa amondi wosakhwima, uja timadyera mchere. Tinakhala m'galimoto tikutafuna.

"Anakudikira?" anafunsa.

"Anandidikira."

Anagwedeza mutu. Kenako ndinati, "Ababa, Mayi Georgette akupereka moni."

Anasiya kutafuna. Anayang'ana kutsogolo nthawi yaitali, magalimoto akudutsa. Ndinaganiza kuti atsika. Kenako anatsegula pakamwa osatsokomola, osasintha liwu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona nsagwada za bambo anga zikulimbana.

"D-d-d... D-dima ndi mwana wanga. Si wa F-fawaz."

"Inde, Ababa."

"Mawu a kh... a kh..." Anamenya chiwongolero ndi chikhatho. Sindinawamalizire. "A khofi aja. Ungandiphunzitse?"

Loweruka, 23 Malichi

Tayamba. Masana, shopu titatseka, mawotchi onse akugunda pakhoma. Wophunzira wovuta sindinamuonepo! Ndikati tulutsani kaye mpweya pang'ono, akuti, "Ndine tayala?" Ndikati ndiyang'aneni m'maso, akuyang'ana khutu langa. Kuwauza "bwerezani" bambo ako omwe, lilime limalemera.

Lolemba, 25 Malichi

Lero Ababa anakwiya, anati zisiyeni, Fawaz ayankhule. Ndinayamba kulongedza. Ndili pakhomo: "Ukupita kuti? Khala pansi."

Titatopa anayamba kundiuza za Amayi, pang'onopang'ono, akugwidwa, osathawa. Akuti tsiku limene anakawaona koyamba analephera ngakhale moni. Amayi anawayang'ana n'kunena kuti, "Musavutike, ine ndimayankhula zokwanira anthu awiri." Taseka mpaka misozi. Nkhani yaitali chonchi sanandiuzepo chibadwire.

Ndawauza zoona: Lachisanu mudzagwidwa ndithu. Masiku ochepawa sangachotse za zaka zonsezi. Anati akudziwa.

Lachinayi, 28 Malichi

Uthenga wafika pafoni ndili kuntchito. Anditenga ku yunivesite! Kuyamba Seputembala. Ndinakadzitsekera kubafa kuti ana asandione nkhope.

Dima wakuwa mpaka aneba atuluka. Ababa andigwira pakhosi kumbuyo, ngati mmene ankachitira ndili wamng'ono pondiwolotsa msewu. A Fawaz sanauzidwebe za mawa. Ababa akuti akawauza, awatsutsa, ndipo iwo agonja.

Lachisanu, 29 Malichi

Akwawo kwa Laith anabwera madzulo dzuwa lisanalowe, amuna okhaokha, mzere wa magalimoto mpaka kumunsi kwa msewu. Pabalaza ndi pabwalo podzaza. Laith ali pakona, suti yomuthina, akutuluka thukuta. Ndinathira khofi, mkulu wa kwawo analandira kapu n'kuiika patebulo osamwa. Anayankhula bwino, kutamanda banja lathu, kutchula Amayi, kenako n'kupempha Dima. Anakhala pansi.

A Fawaz anakonza mpango wawo kumutu, anakhosomola, anagwira m'mawondo kuti adzuke. Koma Ababa anali ataima kale.

Ndinathamangira kukakhala pafupi ndi a Fawaz.

"Mwalandiridwa," Ababa anatero. Limenelo linatuluka bwino. Kenako: "Kh..."

Basi. Pakamwa potsegula, mitsempha ya m'khosi itaima. Wina anatsokomola. Wina anayang'ana foni. Mkulu wa kwa Laith anatsitsa maso pa kapu yake. Kuseri kwa chitseko, kumene kunali azimayi, ngakhale supuni sinalire. A Fawaz anakoka mpweya kuti awapulumutse monga achitira moyo wawo wonse. Ndinawagwira bondo, mwamphamvu. Anandiyang'ana. Ndinapukusa mutu. Anatseka pakamwa.

Ababa sanatsokomole, sanasinthe liwu, sanayang'ane khomo. Ndinaona mapewa awo akutsika, mpweya ukutuluka.

"Kh-kh-khofi wanu imwani. Mwana t-takupatsani."

Nthungululu kuseri kwa chitseko! Liwu la Dima ndinalizindikira, mkwatibwi wosadziwa kudzigwira. Anthu anadzuka kupsompsonana, mbale za kunafa zinayamba kulowa. A Fawaz anakhalabe pampando akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, akung'ung'udza kuti utsi wa mbaula wawalowa.

Ababa anadzakhala mbali yanga ina. Ndinawapatsa kapu ya khofi. Anamwa pang'ono, anakwinya nkhope, n'kundiweramira kukhutu.

"W-wazizira," anatero. "Ndachedwa nawo. Pita ukawiritse wina."