Kutentha kwa Mapiritsi Oyera

Lolemba, 13 Januwale 1997

Kutentha kwabweranso, katatu lero. Kumayambira pachifuwa, kukwera m'khosi, kenako nkhope yonse ngati ndaweramira mbaula. Ana 114 pansi pa mtengo wa mango, ine choko m'manja, mpango uli chonyowa. Chiyambire sukulu yaulere, mphunzitsi alibe pobisala.

Malungo ayi, anandiyeza ku Boma. Miyezi inayi chindichotsereni bere lamanzere ku Lilongwe. Anati khansa yachoka. Nanga moto uwu?

Bambo a Zahra sindinawauze.

Lachinayi, 16 Januwale

Tsiku lachisanu ndi chiwiri la Ramadhani. Pakhosi gwa. Pa swala ya masana thukuta mpaka kudonthera pamkeka.

Mapiritsi oyera aja, tamokisifeni, ndawasiya. Lero tsiku lachitatu. Ndimati akuthandizanji ngati matenda abwerera.

Ndapita kwa alamu anga a Salma. Ndawapempha kuti zikavuta adzamutenge Zahra, asadzasiye sukulu. Anasiya kupeta mpunga. "Alamu, mwayamba kugawa ana muli moyo?" Sitinamalize nkhani. Tonse misozi.

Lachiwiri, 21 Januwale

Lilongwe, tsiku langa lokaonedwa. Basi yodzera ku Salima, ine pawindo.

Adokotala apapasa pachipsera, m'khwapa, bere linalo. Palibe kanthu. Palibe! Ndinawafunsa kawiri.

Anamwino, mayi Malita, anandikhazika pabenchi nditawauza za kutenthako. "Ndi mankhwalawo, mayi. Ambiri amatero, mpaka ena kusiya kusamba. Si matenda abwerera." Nditaulula zosiya mapiritsi nkhope inasintha. "Zaka zisanu, tsiku ndi tsiku. Musadzayerekezenso."

Malangizo awo ndalemba kuseri kwa khadi: zovala za thonje, zomasuka. Tsabola ndichepetse, tiyi wamoto ayi. Madzi pafupi. Kukayamba, ndipume pang'onopang'ono, kumatha kokha.

Panja ndinakhala pansi pa mtengo. Alhamdulillah.

Lachisanu, 24 Januwale

Ndawauza bambo a Zahra, zonse. Anali pakhonde kusoka ukonde. Anauika pansi. Kenako: "Ndimaona ukuyanika zofunda m'mawa uliwonse. Ndimaopa kufunsa." Milungu itatu, nyumba imodzi, aliyense ndi mantha ake!

Pochokera ku swala ya Juma kumzikiti anafunsa ashehe. Akuti wodwala asamange Ramadhani, adye ndi kumwa, adzabweza akapeza bwino. Ndamwa madzi masana, kuseri kwa chitseko ngati wakuba. Kuzizira kwake mpaka kumapazi.

Lolemba, 3 Febuluwale

Sabata yatha kasanu patsiku, lero kawiri. Mwina kungotha kwa mantha.

Diresi yanga ya nayiloni ndapatsa Zahra. Atelala andisokera ziwiri za thonje, zotaya. Kansalu konyowa m'kachitini pansi pa tebulo, kukayamba, pakhosi. Ana ndawaphunzitsa kuwerenga mokweza okha mpaka nditapepukidwa. Aphunzitsi aakulu andisinthira kalasi, tsopano ndili mbali yomwe kumachokera mphepo.

Tsabola yekha ndiye ndamusowa. Usipa wopanda tsabola, iii.

Piritsi ndamwa. Ndikumachonga pakalendala.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Idi. Pilawu, alendo, ana m'zovala zatsopano. Kunandipeza pakati pa azimayi, ndikugawa nyama. Ndinangoti, "Ndi mankhwala anga," n'kudzikupiza ndi mbale. Anaseka, inenso ndinaseka.

Anthu atabalalika mayi wina anatsalira. Wa ku Mwadzama, mlendo wa aneba, Sharifa. Wamng'ono, mwana kumsana. Anadikira mpaka tatsala awiri. "Ndamva kuti munadulidwa bere, koma muli moyo." Anagwira dzanja langa n'kuliika pa bere lake. Chotupa ngati nthanga ya bwemba. Chaka chathunthu, sanauze munthu.

Ndinatseka chitseko n'kumuonetsa chipsera changa. Anachiyang'ana osaphethira. Anafunsa ngati zimapweteka. Ndinati zinapweteka, zinapola.

Wati abwera Lachitatu, tipitire limodzi kuchipatala. Mudzi wake ndafunsa kwa aneba. Akapanda kubwera, ndikwera njinga.