Tsiku Limene Tinawaveka Achimwene Suti

9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili moyo. Mawu akuti "tili bwino" ndawaleka dala, chifukwa ndi omwewo atipweteka. Ndasankha kulemba poti pafoni ndingangolira osamaliza nkhani. Khalani pansi kaye musanapitirire.

Paja ndinakuuzani za nyumba ija anandilozera anamwino a ku kiliniki komwe Amayi amakawatengera achimwene mankhwala. Ndinakaiona ndi maso anga. Si chipatala ayi. Ndi nyumba wamba ya geti yobiriwira, kuseri kwa siteshoni ya basi. Mumakhala anthu akuluakulu odwala matenda a maganizo, aliyense ndi chipinda chake. Amadziphikira, amadzichapira, ndipo pali owathandiza, owakumbutsa mankhwala, ndi mlangizi wocheza nawo. Chipinda chopanda munthu chinali chimodzi chokha, ochifuna ndiye osawerengeka. Oyang'anira nyumbayo anati atumiza mayi wa ku ofesi yosamalira anthu adzaone mmene achimwene akukhalira, ndipo wovutikitsitsa ndiye apatsidwe.

Mawu akuti "adzaone" amenewo ndi amene anatizunguza mitu. Amayi atangomva kuti kukubwera mlendo wa ku ofesi, anadzambatuka ngati alumidwa ndi mavu. Ati, "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Asachoke pano atanyamula manyazi athu." Inunso munaimba n'kunena kuti asamupeze mlongo wanu ngati wopanda abale, ndipo munatumiza suti ija ya alamu. Ine ndiye osanena, ndinatseka saluni n'kubwera ndi chitini cha penti.

Tinagwira ntchito ngati tikukonzekera ukwati. Makoma aja achimwene analembalemba ndi makala tinawapenta. Manyuzipepala omwe anamata pazenera poopa kuti anthu akuwasuzumira tinawamatula n'kupachika makatani. Matiresi onunkha aja tinakawabisa kwa aneba. Ndinawameta ndevu, ndinawawenga zikhadabo, iwo akungondiyang'ana pagalasi. Uku Amayi akuwaphunzitsa ngati mwana wa sukulu: "Akakufunsa uziti ndili bwino. Wamva? Ndili bwino."

Mayiyo anabweradi, wamfupi, wa magalasi, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anapeza njonda ya suti ndi tayi itakhala pasofa.

"Mumagona bwino, bambo?" anafunsa.

"Amagona ngati khanda," Amayi analumphira.

"Nanga kusamba, kuphika, mumatha nokha?"

"Zonse amachita yekha ameneyu."

Ine, ndi pakamwa pangapa, ndinawonjezera kuti amandikonzera makina oumitsira tsitsi ku saluni. Anakonzapodi, inde, koma asanadwale!

Mayiyo anavula magalasi. "Nanga inu eni ake mukuti bwanji?"

Achimwene anayang'ana Amayi, anayang'ana ine, kenako pansi. "Ndili bwino."

Mlendo atatuluka pageti, ine ndi Amayi tinagwirana manja ndi chimwemwe, ati takhoza mayeso.

Lolemba foni inalira ndili mkati moluka kasitomala. Anali mayi uja. "Achimwene anu ali m'manja abwino. Banja lanu likuwasamala mosiririka, ndiye chipinda chija tiganizira ena amene alibe powagwira." Abale inu! Chipeso chinagwa pansi, kukamwa kuli yasa. Kasitomala mpaka anafunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro. Ndinamusiya mutu woluka mbali imodzi, ulendo wa kwa Amayi.

Mukudziwa zimene anayankha? Ati, "Bola sanatiseke." Ndinapsa mtima, achemwali. Ndinawakalipira mayi anga ondibereka pabalaza paja, mawu ali pamwamba, kuti ulemu wathuwo wawalanda achimwene chipinda. Sindinaganize n'komwe kuti khoma lija ndi lopyapyala, ndipo mwini nkhani akumva zonse.

M'mawa mwake ndinatsegula saluni, koma manja anakana ntchito. Masana ndinapita ku ofesi kuja, nditakonzeka kugwada ngati kungafunike. Mayi uja anandilozera mpando.

"Khalani. Achimwene anu abwera kale."

"Achimwene ake ati?"

"Anu omwewo. Ali m'chipinda chinacho ndi mlangizi, akumwa tiyi."

Ndinaseka, poganiza kuti wasokoneza mabanja. Munthu amene sanatulukepo pageti chimwalirire Abambo! Munthu amene njinga yamoto ikangolira pamsewu amabisala kuseri kwa chitseko! Koma anali iwo ndithu. Amayi atapita kumsika, iwo anatulukira pazenera, opanda nsapato, atavala malaya awo ong'ambika aja tinawataya m'bini. Anayenda mpaka ku kiliniki, ndipo anamwino ndi amene anawaperekeza ku ofesi. Atalowa akuti anati, "Tsiku lija munacheza ndi suti. Lero ndabwera ndekha."

Ndinafunsa kuti pazenera bwanji, chitseko chilipo. Mayiyo anandiyankha ndi funso.

"Simukudziwa kuti mayi anu akamachoka amawatsekera ndi loko kunja, n'kuwasiyira ndowa?"

Mayo ine! Apo m'pamene ndinakumbukira kuti popenta chitseko chija ndinaona timabowo ta misomali, ndipo ndinangodutsitsapo penti osafunsa. Amayi anali atazula chokolekera loko ndisanafike, ndipo mlendo atangopita anachikhomeranso. Ine ndimabwera Lamlungu lokha, n'kupeza chitseko chili chotsegula, n'kumabwerera mtima uli m'malo.

Nditawafunsa, Amayi anakhala pansi pa simenti n'kulira ngati mwana. "Ndikanatani ine? Ndakalamba. Akanatuluka n'kugundidwa ndi galimoto mukanati chiyani? Ndi achemwali ako omwe anati ndigule loko."

Achemwali, n'zoona zimenezi? Zaka zonsezi mumadziwa? Ndimafuna ndilembe kuti sindikukuimbani mlandu, koma ndatopa nalo bodza. Ndakwiya nanu, ndakwiya ndi Amayi, ndadzikwiyiranso ndekha. Ndikudziwa kuti munachita ndi mantha, osati nkhanza. Komabe ndi munthu uja, wa zaka makumi anayi, amene ankatiperekeza kusukulu kuti anyamata asativutitse. Paja amati wamisala anaona nkhondo. Dzina limenelo ndimadana nalo, koma pa tonsefe amene ananena zoona pamaso pa mlendo ndi iwo okha.

Chipinda awapatsa. Anasamuka Lachisanu. Musaganize kuti achira ayi: mawu a anthu osaoneka aja akuwamvabe m'mutu, ndipo wothandiza wa kumeneko, bambo wamtali wolankhula mofatsa, anatiuza kuti masiku oyamba amakhala ovuta. Tinawaperekeza ine ndi Amayi. Amayi anakumbatira pilo njira yonse, ati akawayalire okha bedi. Titafika pageti yobiriwira ija achimwene anaima, anatenga piloyo mwaulemu, nati, "Amayi, bwererani pompano. Ndikadzakonzeka ndidzakuitanani."

"Iwe, ine mayi ako?"

"Inde, Amayi. Inunso, chemwali."

Wothandiza uja anatifotokozera kuti achimwene apempha kuti wachibale aliyense asalowe mpaka atamuitana okha, ndipo kumeneko mawu a mwini chipinda ndiwo amatsatidwa. Analowa osatembenuka. Ife tinaima pamsewu, mabasi akudutsa, Amayi manja ali lende. Sindinawaonepo atachepa choncho.

Pano ndikugona kwa Amayi. Sakudya bwino, amangolowa m'chipinda chija n'kukhala pabedi. Muziwaimbira, ndipo musawakalipire, zokalipa ndamaliza kale ine. Anamwino aja anati kuli gulu la achibale osamalira odwala lomwe limakumana ku kiliniki. Ndikufuna ndiwatengere kumeneko, ndipo inu mundithandize kuwanyengerera, poti mawu anu amawamvera kuposa anga.

Amayi akupereka moni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana, muwauze kuti azakhali awo awasowa. Moni wa achimwene ndilibe, ndipo sindikupekerani. Pageti paja ndinawafunsa kuti, "Nanga achemwali ndikawauze chiyani?" Iwo anati, "Nambala yawo ndikuidziwa."

Choncho musawaimbire, musatumize katundu, musatume munthu. Foni yanu izingokhala pafupi. Sindikudziwa ngati idzalira mwezi uno kapena chaka chamawa. Ikadzalira, chonde achemwali, musadzawayankhire. Mudzangomvetsera.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira