Dzina Limene Ndinabisa M'chitini

Wokondedwa mwana wanga Ketilina,

Muli bwanji ku Ndolako, iwe, bambo a ana ndi adzukulu anga? Kuno ku Chiparamba tadzuka, kupatula bondo langa lija. Mtedza takumba, thonje ndiye latichititsa manyazi chaka chino.

Lamlungu titatuluka m'Misa, Sisitere Charity anatiitanira m'holo kukaonera filimu. Anatchinga mawindo ndi zitenje. Nditaona kuti ndi makatuni ndinati, aaa, ife ndi imvi zathuzi tizionera zidole? Ndinakhala pafupi ndi khomo kuti ndizembe bwino.

Mwanawe, sindinazembe. Inali nkhani ya nkhondo ya ku Ulaya, pamene Ayuda ankaphedwa miyandamiyanda, ndi makanda omwe, popanda mlandu. Mayi wina wakumudzi ankabisa ana achiyuda m'ngolo, pansi pa udzu, n'kuwapatsa mayina ena kuti asilikali asawazindikire. Anthu ochita kujambula, koma mantha awo tinawamva ngati athu ife! A Boazi aja, osachedwa kuseka, anavula chipewa.

Chinandithetsa mphamvu n'chakuti mayiyo ankatchula mayina enieni a anawo m'mawa uliwonse akamakama ng'ombe, kuopa kuwaiwala. Nkhondo itatha, mwana aliyense anamubwezera dzina lake. Ndinalira mpaka anzanga a Sesiliya anandigwira phewa, osadziwa chondiliza.

Ketilina, sindinakubereke ine.

M'chaka cha 1987 tinkakhala ku Chadiza. Mtsikana wina wothawa nkhondo ya ku Mozambiki anatipeza kumunda, khanda lili kumsana, iye akudwala zedi. Anagona kwathu masiku anayi, n'kumwalira. Khandalo unali iwe. Itabwera galimoto yotenga othawa kupita nawo kumsasa, ndinakubisa m'nkhokwe, m'dengu la mtedza. Sunalire ngakhale pang'ono, mpaka lero ndimadabwa nazo. Kenaka ine ndi malemu bambo ako tinasamukira kuno, kumene kunalibe wotifunsa.

Mayi ako anasiya kadi lako la ubatizo, ndipo ndinalitsekera m'chitini cha mbewu. Mayi wa m'filimu uja anasunga mayina kuti adzabweze. Ine lako ndinalisunga kuti usadzandichoke. Ndinalibe mwana, ndinali ndi mantha, ndipo manyazi andigwira lero.

Kadilo ndaliika m'kalata muno. Palembedwa dzina la mayi ako, Letisiya, ndi mudzi wakwawo. Ukafuna kukafufuza abale ako, pita, bondo likalola ndidzakuperekeza. Ukandikwiyira sindikutsutsa, koma chonde undiyankhe, ngakhale mzere umodzi.

Lero m'mawa, ndili ndekha kumunda, ndatchula dzina lako lenileni mokweza koyamba pa zaka zonsezi. Ndiwe Rosina.

Undiperekere moni kwa bambo a ana, adzukulu uwauze kuti mtedza wawo ulipo. Ambuye akusunge monga anakusungira m'dengu muja.

Ndine mayi ako, ngati ukundilolabe,
Dolika