Fulasiki ya Doris

Al Aziziya, Doha
4 Malichi, 2022

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwinoko, inu ndi Chiku ndi onse pakhomo ku Bembeke. Ine ndilipo. Ndayambiranso kuphunzitsa. Ndalemba pa pepala chifukwa pa foni sindingathe kufotokoza zonse, ndipo ndapatsira nesi wina, mnzake wa Doris, amene akubwera ku tchuthi.

Uthenga wa alamu anga a Lyton ndaumva. Akuti nonse mwachiona chithunzi chija, ine ndili pa chipale chofewa ndikuseka mano onse pamtunda, patangopita masabata asanu ndi limodzi chiikire mwana wanu Doris m'manda. Akuti munthu wotere sangalere wamasiye, choncho Chiku sabweranso kuno mu Epulo monga tinagwirizana, ndipo ndisamuimbirenso foni. Iwo ndi malume ake, sindingalimbane nawo. Chithunzicho n'choona. Ndingopempha kuti mumve mmene zinayendera.

Doris munamubereka m'chisanu cha ku Dedza, ndipo kutentha kwa kuno sanakuzolowere. Nthawi ya mliri ankachokera ku chipatala zovala zili chonyowa, nkhope itadindika mizere ya masiki. Pa filiji anamata chithunzi chimene anadula m'magazini: msewu wokhotakhota m'chigwa, mapiri oyera mbali zonse. Ndi ku dziko la Georgia, ulendo wa maola atatu pa ndege. Ankati ndi msewu wa Khwekhwerere umene wina wakhuthulira ufa woyera.

Tsiku lina anandifunsa, "Aphunzitsi, mwamaliza mabuku onse a azungu. Sinowo imanunkha bwanji?"

Ndinati mabuku sanena.

"Ndiye mumawerengeranji? Tipite tikanunkhize tokha."

Mu Novembala tinagula matikiti a mu Febuluwale. Iye anagula magolovesi ofiira, ake ndi ena ang'onoang'ono a Chiku, akuti adzavala mu Juni popita ku sukulu.

Za matenda mukudziwa. Mphumu yake ija inathandizana ndi kachilombo ka mliri uja. Masiku asanu ndi anayi a chipatala sanandilole kulowa, nesi ankangomugwirira foni. Chimene sindinakuuzeni ndi mawu ake omaliza omveka bwino. Anati, "Matikiti aja musataye. Mukapita mukanditengereko." Ananena monga timanenera munthu akamapita ku tauni, ndipo ine ndinaseka, ndinati tikatenga limodzi. Patapita masiku awiri tinamuika ku Dukhan, m'mchenga ndi miyala, tilipo anthu asanu ndi mmodzi, inu mukuonera pa foni ya a Lyton mpaka netiweki inaduka.

Ku Georgia ndinapita ndi Wakisa, mlonda wa ku Karonga amene ananyamula nawo bokosi. Lamulo linasintha kuno, munthu safunikanso chilolezo cha bwana kuti atuluke m'dziko, ndiye anangopempha masiku atatu. Iye ndi amene ankandikakamiza kudya masabata onsewo.

Amayi, msewuwo ulipodi. Umayamba m'mbali mwa nyanja yobiriwira, n'kudutsa tchalitchi chakale cha miyala, kenako umatsata mtsinje m'chigwa mpaka kuyamba kukwera. Magalimoto akuluakulu anali ataima mndandanda kudikira kuti njira ikonzedwe. Azimayi okalamba ankagulitsa uchi ndi masokosi a ubweya. M'minibasi anthu ankajambula pa windo, ine ndinangofumbata chikwama. M'menemo munali fulasiki ya Doris, ija ankatengera tiyi ku ntchito, yomatidwa pulasitala wolembedwa dzina lake.

Pamwamba panali anthu ambiri. Ena ankatsetsereka pa timatabwa tomanga ku mapazi, ena atakhala pa machubu a matayala. Ndinapita pambali pamene sipanapondedwe, ndinavala magolovesi a Doris ngakhale ankandithina, ndinadzaza fulasiki ndi sinowo mpaka pakamwa. Ndinanunkhiza. Sinunkha kanthu. Imangopweteka m'mphuno.

Ndili chiimire, Wakisa anabwera akukoka chubu. Anati, "Achimwene, mtunda wonsewu mwabwera kudzalondera phiri? Ulonda ndi ntchito yanga. Yalla, tiyeni, khalani apa."

Ndinakana. Anandikhazika, n'kundikankha.

Apa ndikuuzeni zoona, chifukwa ndikanatha kunama kuti ndinkalira ndipo chithunzi chinanamiza. Ndinaseka. Ndinaseka ngati mwana wotsetsereka pa thumba m'chulu. Kuchokera pamwamba kufika pansi, mwana wanu sanali m'mutu mwanga ngakhale pang'ono. Chubu chitaima ndinacheuka kuti ndimuuze, ndipo kumbuyo kwanga kunali anthu osawadziwa. Wakisa anaika chithunzicho pa sitetasi kuti anzathu aone kuti ndikadali moyo. Sanaganize za ku Bembeke. Musamukwiyire.

Pobwerera ndinalakwitsa. Wakisa anati fulasiki ndiike m'sutikesi yopita pansi pa ndege, koma sindinafune kuti ikapanikizike ndi katundu wa anthu, ndinaisunga m'chikwama cha m'manja. Pa bwalo la ndege mayi wofufuza katundu anaitsegula. Munali madzi okhaokha, osafika ndi theka, tinyalala tikuyandama. Anati madzi salowa. Ndinamufotokozera zonse, anthu akudikira kumbuyo kwanga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Pepani bambo. Mutaye apo, kapena mumwe."

Pamene ankalozapo panali mgolo wa mabotolo otayidwa. Ndinamwa, Amayi. Onse.

Lero Lachisanu ndinapita ku Dukhan. Ndinagwada, ndinazondotsa fulasiki pa manda. Panadontha madontho atatu, mchenga unauma ndisanachotse dzanja. Ndinamuuza kuti sinunkha kanthu. Ndinamuuzanso kuti ndinaseka. Chinthu chimodzi chimene anandituma ndalephera, ndipo pochichita ndataya ndi mwana yemwe.

Za Epulo sindikakamira. Inu ndi a Lyton mukhale pansi, chimene mugamule ndidzamvera. Mwina n'zoona kuti mwana ali bwino kwa inu kusiyana ndi nyumba ino imene ndimaopa kutsegula kabati. Koma Chiku ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amayi ake anasiya kuimba foni mu Januwale, ndipo tsopano nanenso ndasiya. Sindikudziwa chimene akuganiza.

M'envulopumu muli magolovesi a Chiku aja. Mumuuze kuti achokera kwa amayi ake, dzina langa ngakhale musatchule. Mupereke moni kwa a Lyton ndi akazi awo, kwa azakhali a Felister amene anandilirira pa foni, ndi kwa amayi a mvano amene anagona nanu pa siwa popanda mtembo.

Lamlungu lililonse mukaweruka ku tchalitchi, cha m'ma 2 koloko kwanuko, ndidzaimba. Ngati simungathe kumupatsa Chiku foniyo, musaizime. Ingoisiyani ilire, aimve.

Ine mkamwini wanu,
Maclean, bambo a Chiku